Ndinatola Kalata Yochotsa Amuna Anga Ntchito pa Pulinta ya Tonse

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba, ndiye mukaona ndikudumphadumpha mundikhululukire. Lolemba likubwerali amuna anga akuyenera kupereka yankho kwa munthu wina amene akufuna kuwalemba ntchito, ndipo akonzeka kukana. Ine ndikudziwa chinthu chimene iwo sakuchidziwa, koma mmene ndinachidziwira, sindingachinene popanda kugwetsa munthu amene sanandilakwirepo.

Ndiyambe ndi kumene ndimagwirira ntchito. Timakhala kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene basi imatembenukira. Ntchito yanga ndi ya pa intaneti. Kampani ina imanditumizira mawu ojambulidwa pa misonkhano, ine n'kumamvetsera ndi kulemba liwu ndi liwu. Mabwana angawo sindinawaonepo maso ndi maso. Poyamba ndinkagwirira kunyumba, koma kwathu netiweki imagwira ukaima pakona ya khonde, magetsi amabwera akafuna okha, ndipo kuseri kwa mpanda kuli bambo wowotcherera zitsulo amene amayamba phokoso dzuwa lisanatenthe n'komwe. Kawiri konse ndinachedwa kutumiza ntchito, mpaka anandichenjeza kuti kachitatu ndiye basi.

Chaka chatha ndinapeza pogwira. Pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali pali chipinda chachikulu chimene mwini wake anaikamo matebulo asanu ndi atatu, intaneti yamphamvu, mabatire a sola, ketulo ndi pulinta imodzi ya tonse. Aliyense amachita lendi tebulo lake, ndipo aliyense ali ndi mabwana ake kwina. Muli wojambula mapulani a nyumba, muli aphunzitsi ophunzitsa ana a kutali pa kompyuta, muli ena oti mpaka lero sindidziwa chimene amachita. Kuno malo otere ndi okhawa. Ena ali pakati pa mzinda, mabasi awiri, ndipo ndikanati ndizipita kumeneko bwenzi mwana wanga akuweruka kusukulu wopanda womulandira.

Tili ndi lamulo limene tonse tinasainira, ndipo analimata pachitseko: za pa tebulo la mnzako sizikukhudza. Sitifunsana kuti umagwirira ndani. Ukaona, sunaone. Wotulutsa kunja za mnzake amabweza kiyi tsiku lomwelo.

Tebulo loyandikana ndi langa ndi la mayi wina amene tonse timangowatchula kuti Amayi a Pazenera. Ndi aakulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Iwo amalembera makampani angapo makalata okhudza antchito, monga olemba munthu ntchito, ochenjeza ndi a tchuthi. Izi ndinazidziwa powamva akulankhula pafoni, ngakhale mwalamulo lathu lija sindinamve kanthu. Ndi munthu wa mtima wabwino zedi. Mahedifoni anga atafa pakati pa ntchito ya changu, anavula awo n'kundiveka, iwo n'kumakalankhulira pamasitepe tsiku lonse. Akulera okha ana atatu, ndipo zonse zimachokera pa tebulo lomwelo.

Lachiwiri lapitali m'mawa ndinasindikiza fomu ya kusukulu ya mwana wanga, mapepala atatu. Ndinali pa changu chifukwa ofesi ya kusukuluko imatseka masana, ndiye ndinangovuula mapepala pa pulinta akadali otentha, kuponya m'chikwama, ulendo. Nditafika, kalaliki wa pasukulupo anawerenga n'kundibwezera limodzi. Anati, "Ili si lathu, mayi."

Ndinaliwerengera pakhonde la sukulu. Pamwamba panali chizindikiro cha kampani imene amuna anga amagwirako. Pansi pake dzina lawo lonse, nambala yawo ya kuntchito, ndi udindo wawo, kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu. Kenako mawu oti kampani ikuchepetsa antchito ndipo malo awo atha kumapeto kwa mwezi wa mawa. Siginecha panalibe, ndipo polemba deti panali posalembedwa. Aphungu, ndinakhala pansi pa simenti ngati mwana wa sukulu amene wapatsidwa chibalo.

Nditabwerera kuchipinda kuja ndinapeza Amayi a Pazenera atagwada pa pulinta, ataitsegula mbali zonse, akusuzumira ndi kuseri komwe. Anati, "Abale, pali amene watola pepala langa? Ndinatumiza asanu ndi limodzi, ndapeza asanu okha." Anayenda tebulo ndi tebulo. Atafika pa ine anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, iwe unasindikiza m'mawa muja, tayang'ana m'mapepala ako." Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu oti, "Ayi akulu, anga anali atatu okha." Apo n'kuti pepalalo lili m'chikwama pakati pa miyendo yanga.

Iwo sadziwa kuti mwini dzinalo ndi mwamuna wanga. Kuntchito ndimagwiritsa ntchito dzina la bambo anga, ndipo amuna angawo sanakwerepo masitepe amenewo chiyambire.

Dzulo tinakumana pamasitepe, nkhope yawo itagwa. Anandinong'oneza kuti, "Eni makalata aja anandiuziratu kuti ndisasindikizire pagulu. Pulinta yanga ya kunyumba inatha inki, ndinkati ndi kamphindi chabe. Pepala limenelo likafika kwa mwini wake tsiku lisanakwane, ine ndatha. Ndani angadzandipatsenso makalata ake?" Ndinawasisita pamsana, ine yemwe wabodzane. Tsono mwini chipinda wanena kuti Loweruka abweretsa munthu wodziwa makina kuti aone amene anasindikiza motsatana ndi mayiwa. Pa nthawi imene ija tinasindikiza anthu awiri okha.

Kunyumba nako moto. Amuna anga agwira pa kampani imeneyi zaka khumi ndi zinayi. Anayamba ndi kusenza makatoni, lero ndi kapitawo, ndipo amanyadira malo amenewa koposa. Mwezi watha bwana wawo wakale, amene anatsegula kakampani kake konyamula katundu, anawaitana kuti akamuyendetsere zinthu. Wati akapanda kumva yankho Lolemba apatsa wina. Dzulo madzulo, akupukuta nsapato zawo za kuntchito uku akuimba mluzu, anandiuza kuti, "Mayi a mwana, ndaganiza. Kampani yathu ndi yaikulu, singagwe mawa. Mkulu uja wangoyamba kumene, magalimoto atatu okha. Ndikamuthokoza, koma ndikakana mwaulemu." Ndinati, "Bwanji muganizirenso kaye?" Anaika nsapato pansi n'kundiyang'ana. Anati, "Inu mwatani kodi masiku ano? Si inu nomwe munkati ndisapupulume?" Ndipo n'zoona, Aphungu. Masabata awiri apitawo ndine ndinawaletsa.

Mwina mukuti bwanji osangowauza. Amuna anga si a ndewu, sanandikwezerepo dzanja, koma mawu sawasunga pakhosi. Tsiku lina atawadulira masiku a tchuthi analowa mu ofesi ya manijala osagogoda. Ndikawauza izi, ndikuona kale akukwera basi yoyamba kukafunsa kuti zaka khumi ndi zinayi malipiro ake ndi amenewa. Akawafunsa kuti mwamva kuti, sipatenga tsiku kuti adziwe kuti zinatulukira kwa amene analemba makalatawo. Mayi aja ntchito yawathera, ine kiyi ndabweza, ndipo popanda chipinda chimene chija nanenso yanga sikhalitsa. Ndikakhala chete, Lolemba akana ntchito yokhayo imene ikuwafuna.

Ndaganiza zobwereka foni ya munthu n'kuwatumizira uthenga wopanda dzina. Ndaganiza zokalowetsa pepalalo pansi pa pulinta kuti lipezeke ngati linangogwera. Ndaganizanso zoliwotcha n'kupemphera kuti mwina kampaniyo isintha maganizo, poti silinasainidwe. Lero ndi Lachinayi, mawu a msonkhano akulira m'makutu mwanga koma palibe chimene ndikumva, ndipo Amayi a Pazenera angondiikira kapu ya tiyi patebulo.

Ndipulumutse ndani, Aphungu? Ndipo ndiyambire pati?

Ine wosowa mtengo wogwira,
T. N., kumapeto kwa mzinda


Mayi T. N.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa Lolemba silidikira munthu. Mukuwerenga izi Lachisanu, ndiye ikani kapu pansi timvane msanga.

Pepalalo simunabe. Linakutsatirani lokha, ndipo palibe mkazi amene angaone dzina la mwamuna wake papepala n'kutseka maso. Pamenepo musadziimbe mlandu. Cholakwa chanu ndi chimodzi: mnzanu atakugwirani paphewa munamunamiza. Ndikumvetsa kuti mutu unaima, koma bodza limeneli ndi limene lakumangani manja masiku atatu onsewa, ndipo mayi wosalakwa akuonda poganiza kuti kalata yake ikuyenda mumsewu. Yambirani pamenepo.

Lero lomwe, wa makina uja asanabwere, aitanireni mayiwo panja. Osati pamasitepe pamene aliyense amadutsa, pitani nawo kuseri kwa sitolo. Apatseni pepala lawo m'manja, muwauze kuti linali mwa inu chiyambire, kuti munachita mantha n'kunama, ndiponso kuti dzina lili pamenepolo ndi la bambo a mwana wanu. Akakwiya, alekeni akwiye, ali ndi chifukwa. Kuululika ndi pakamwa panu n'kosiyana kwambiri ndi kuululika ndi makina Loweruka anthu onse ali pompo.

Tsono mvetsetsani apa. Simukupita kukapempha chilolezo chouza amuna anu. Mukupita kukawadziwitsa kuti muwauza. Akakuchondererani kuti mukhale chete, ndipo mwina alira, musalonjeze chimene simungathe kusunga. Alonjezeni zimene zili m'manja mwanu: kuti pepalalo simunalijambule ndipo simulijambula, kuti dzina lawo silituluka pakamwa panu, ndiponso kuti muchita chilichonse kuti amuna anu asakachite phokoso ku ofesi. Musawafunse kuti makalata asanu enawo ndi a ndani, kapena ngati nkhaniyi yatsimikizika. Mukatero mukuwapempha kuti nawonso aphwanye za kuntchito kwawo, pamene mwangozi aphwanya kale zokwanira. Kaya akadziulula okha kwa eni makalatawo kuti pepala limodzi linasochera n'kubwerera, zimenezo asankhe okha.

Za uthenga wopanda dzina zija muiwale. Amuna anu akaulandira, woyamba kumuonetsa ndinu, n'kukufunsani kuti mukuganiza kuti ndani ameneyu. Mudzanamanso kachiwiri, nthawi ino pamaso pa mwamuna wanu. Kulowetsa pepala pansi pa pulinta nako ndi masewera a ana, poti mayiwo anasesa kale pamenepo ndi maondo awo.

Amuna anu muwauze mawa Loweruka masana, ku ofesi atatseka. Ndasankha nthawi imeneyi dala. Munthu wosasunga mawu pakhosi amafunika tsiku limene alibe chitseko choti akakankhe. Mwana mumutumize kwa anzake, foni zikhale patali, ndipo muyambe ndi kuwapempha kuti akumvereni mpaka mumalize. Nenani chimene munaona osawonjezera, osachotsera: kalata ya dzina lawo, yopanda siginecha, yopanda deti. Zikhoza kusintha, inde, koma munthu wanzeru samanga banja lake pa mawu oti mwina. Akafunsa kuti munaiona kuti, yankhani kuti, "Inasakanikirana ndi mapepala anga kuntchito, ndinaibweza, ndipo mwini wake sindimutchula chifukwa akulera ana ngati ife." Imani pomwepo ngakhale afunse kakhumi.

Kenako muwauze mosabisa mtengo wa pakamwa pawo. Akakalowa mu ofesi ya manijala osagogoda, agwetsa mayi amene anangolemba zimene anauzidwa, akuchotsetsani inu pa tebulo limene likhoza kukhala lokhalo lodyetsa nyumba yanu mwezi wa mawa, ndipo iwo eni apereka mpata woti awachotse ngati munthu wamwano m'malo mwa munthu amene malo ake atha. Amuna ambiri aukali amamva akauzidwa kuti ukali wawo upweteka ndani. Auzeni ndi mayina: ine, mwana wathu, ndi inu nomwe.

Mukamaliza, khalani chete. Musathamangire kuwatonthoza ndi nkhani ya ntchito yatsopano. Munthu amene wasenza makatoni a kampani mpaka kukhala kapitawo akamva kuti dzina lake lili pa kalata yotere, chimamupweteka si njala yokha, ndi kunyozeka. Mwina ayamba kupsera mtima inu, kuti munadziwa Lachiwiri n'kumawaonerera akupukuta nsapato. Vomerani kuti munachedwa chifukwa cha mantha. Muwasiye ayende, akhale okha, abwerere. Ali ndi Lamlungu lonse loti mtima utsike.

Lolemba asakane, komanso asalumphe. Apite kwa bwana wawo wakaleyo, anene kuti ntchitoyo akuifuna, apemphe kuti awalembere papepala udindo ndi tsiku loyambira, ndipo ngati n'kotheka tsikulo likhale la kutsogoloko pang'ono. Kalata yosiya ntchito kumene aliko asalembe kaye mpaka atafunsa ku ofesi yoona za antchito kapena ku bungwe lawo la antchito, chifukwa wochoka yekha ndi wochotsedwa pochepetsa antchito nthawi zambiri sachoka ndi zofanana. Angafunse zimenezi ngati munthu amene wapeza mwayi kwina, osatchula pepala lililonse. Chisankho chomaliza ndi chawo. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti akusankha maso ali otsegula.

Za tebulo lanu sindikunamizani, mukhoza kulitaya. Lamulo la pachitseko munasainira, ndipo kuuza amuna anu ndi kulithyola ndithu, ngakhale analilembera amiseche osati mkazi amene watola tsoka la nyumba yake. Mayi aja akapanda kudandaula kwa mwini chipinda, nkhani ithera pakati pa inu awiri. Akadandaula, kafotokozeni nokha mmene zinayendera. Koma musadikire kuti zikugwereni. Sabata ino funsani ku laibulale ngati ilipo kufupi, ku sukulu ya ntchito zamanja, ngakhale kwa aphunzitsi aja ngati angakonde kugawana nanu kachipinda kena. Ndipo mwini chipindayo wina amuuze kuti pulinta ya anthu asanu ndi atatu isamalavule mapepala mwini wake asanaime pompo. Inunso, mayi, muziwerenga mapepala musanaponye m'chikwama.

Chenjezo langa ndi ili. Pofika mawa masana mtima udzakunong'onezani kuti dikirani kaye, mwina zisintha, mwina mungowakankhira ku ntchito yatsopanoyo popanda kunena chifukwa. Musaumvere. Mukakhala chete, tsiku lina mwezi wa mawa amuna anu adzalowa pakhomo dzuwa lili pamutu, nthawi yosakhala yawo, envulopu ili m'manja. Adzakukhazikani pansi kuti akuuzeni pang'onopang'ono, poopa kuti mungadzidzimuke. Inu mudzayenera kugwira pakamwa ngati mukumva koyamba. Kenako adzakumbukira ntchito imene anakana Lolemba lija, n'kunena kuti, "Mayi a mwana, ndikanadziwa." Mawu amenewo adzawabwereza kwa zaka, ndipo nthawi iliyonse inu mudzakhala muli pambali pawo.

Kutaya tebulo n'kopweteka, koma lina mudzalipeza. Pitani mukawaitane mayi aja tsopano, asanaweruke.

Aphungu